Mafunso a owerenga: Pa nkhani ya hijabu, mawu omaliza ndi a yani?

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo onse akukhudza kavalidwe ka amayi ndi atsikana a Chisilamu. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba tawasunga ndipo makalatawo tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mkulu wa mpingo komanso membala wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale kuno ku Mulanje, imene inamangidwa ndi mpingo wathu koma aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma. Atsikana angapo a Chisilamu amabwera atavala hijabu, ndipo makolo ena akudandaula kuti yunifolomu yataya tanthauzo lake. Ndinamva pa wailesi kuti ku France zovala zachipembedzo nzoletsedwa m'sukulu chifukwa boma la kumeneko silitsamira chipembedzo chilichonse. Popeza nalonso boma lathu lilibe chipembedzo chake, bwanji ifenso osatero kuti ana onse afanane? Sindidana ndi Asilamu, pakuti timakhala nawo mudzi umodzi ndipo timaikira limodzi maliro. Ndine Mkulu wa mpingo, Mulanje.

YANKHO: Bambo, zikomo chifukwa cholemba mofatsa pa nkhani imene ena amailankhula atakunga nkhonya. Zimene munamva pa wailesi nzoona. Mkangano wa ku France unabuka mu 1989 m'tauni ya Creil, kumene atsikana atatu anaimitsidwa sukulu chifukwa chokana kuvula mipango yawo m'kalasi. Mu Malichi 2004 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa ophunzira a m'sukulu za boma za pulayimale ndi sekondale kuvala zizindikiro zoonekera kwambiri za chipembedzo, ndipo mu 2023 Gabriel Attal, amene panthawiyo anali nduna ya zamaphunziro, analetsanso abaya, diresi lalitali lija lofika kumapazi.

Koma musanalitengere ku komiti yanu, lamuloli muliyang'ane mbali zonse. Dziko la France linalimbana kwa zaka zambiri ndi mphamvu za mpingo wa Katolika pa boma ndi pa maphunziro, mpaka mu 1905 linakhazikitsa lamulo lolekanitsa boma ndi mipingo. Chifukwa cha mbiri imeneyi, kupatula madera ochepa, sukulu ya boma kumeneko siyamba tsiku ndi pemphero, ilibe mtanda pakhoma, ndipo mphunzitsi saloledwa kuonetsa chipembedzo chake pantchito. Lamulo la 2004 limakhudzanso mtanda waukulu wa mwana wa Chikhristu, kachipewa ka mwana wa Chiyuda ndi nduwira ya mwana wa Chisikh. Chinanso chimene ambiri sachitchula nchakuti lamulolo silifika ku mayunivesite ngakhale ku sukulu zimene si za boma, kuphatikizapo za Katolika, ndipo atsikana ena a Chisilamu amaphunzira m'sukulu za mpingozo atavala mipango yawo. Choncho tikati titsanzire France, choyamba kuchoka m'sukulu zathu chingakhale pemphero la pa asembule pamodzi ndi nyimbo za Mulungu zimene ana amaimba m'mawa uliwonse. Ndikukayika ngati makolo amene akudandaulawo angavomere zimenezo, ndipo sichingakhale chilungamo kutola mbali yokhayo ya lamulo imene ikupweteka mnansi wathu nkusiya mbali imene ingapweteke ife. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwathu kuno tinasankha njira ina. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 satchula chipembedzo chilichonse kuti ndi cha boma, koma gawo 33 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, gawo 20 limaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana kuphatikizapo chipembedzo, ndipo gawo 25 limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Gawo 44 limavomereza kuti maufulu akhoza kuchepetsedwa, koma pokhapokha ngati pali lamulo lonena choncho, ngati kuchepetsako kuli kwanzeru, ndiponso ngati kuli kofunikadi m'dziko la demokalase. Ine ndimamva kuti amene sayenera kukhala ndi chipembedzo ndi boma monga boma, kutanthauza ofesi, khoti ndi chikwama cha misonkho. Mwana wa Sitandade 6 si boma. Iye ndi nzika imene yabwera kudzalandira maphunziro amene malamulo anailonjeza, ndipo salowa pa geti la sukulu atasiya chikhulupiriro chake panja.

Tisaiwalenso kumene tinachokera. Mu 1973 boma la Dr. Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe limene linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo lamuloli linachotsedwa mu 1993, pamene Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Amayi athu amene anakhalako nthawi imeneyo amakumbukira mmene zinkakhalira kuti mlendo akuimitse pamsewu chifukwa cha utali wa chovala chako. Dziko limene linadutsa m'zimenezo liyenera kuchita mantha nthawi iliyonse imene olamulira, kaya a boma kaya a komiti ya sukulu, ayamba kuyeza nsalu za akazi.

Nkhani imene ikuvutitsa komiti yanuyi inafika kale pa moto m'maboma ena. Mu Novembala 2019 kwa M'manga m'boma la Balaka kunabuka chipolowe pa sukulu ya mpingo wa Anglican atsikana ovala hijabu atabwezedwa, anthu anavulala ndipo katundu anaonongeka mbali zonse ziwiri. Mu Okutobala 2020 ofesi ya mphunzitsi wamkulu inatenthedwa pa sukulu ina ya Katolika m'boma la Machinga pa mkangano womwewo. Kutentha ofesi ndi mlandu, ndipo palibe chipembedzo chimene chingautchinjirize, koma zochitikazi zinaonetsa kuti nkhaniyi singathe pongotseka geti. Bungwe la Public Affairs Committee, limene limasonkhanitsa atsogoleri a zipembedzo kuyambira 1992, linakhalira pakati, ndipo mu Juni 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mgwirizano wolola atsikana a Chisilamu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, malinga ngati mtundu wake ukugwirizana ndi yunifolomu. Makhoti nawonso akupita mbali yomweyo. Mu Meyi 2023 Jaji Zione Ntaba wa bwalo lalikulu la milandu ku Zomba anagamula kuti ana a Chirasta asakanizidwe malo m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopotana. Ku Nigeria, bwalo la Supreme linagamula mu Juni 2022 kuti atsikana a Chisilamu ali ndi ufulu wovala hijabu m'sukulu za boma za ku Lagos. Sikuti kulikonse zinayenda chimodzimodzi, pakuti ku Kenya chigamulo cha 2016 cholola hijabu pa sukulu ina ya mpingo wa Methodist ku Isiolo chinafafanizidwa ndi bwalo la Supreme mu 2019 chifukwa cha mmene mlanduwo unayendera.

Dandaulo la mpingo sindikulipeputsa. Akhristu anaumba njerwa, anasonkha ndalama ndipo anasamala sukuluzi kwa mibadwo, kotero ali ndi chifukwa chofunira kuti mbiri ndi khalidwe la sukulu yawo zisafufutike. Mpingo ukhoza kusunga dzina la sukulu, mapemphero ake ndi mwambo wake. Koma tsiku limene unavomera aphunzitsi olipidwa ndi misonkho, unavomeranso kuti sukuluyo itumikire ana a onse okhoma msonkho, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno ndi Asilamu. M'midzi yambiri ya Mulanje sukulu ya mpingo ndi yokhayo imene mwana wamng'ono angafikeko wapansi, makamaka nyengo ya dzinja mitsinje yochokera m'phiri ikadzaza. Kumuuza kuti akafune sukulu ina kuli chimodzimodzi kumuuza kuti akhale pakhomo.

Amene amalipira mtengo wa chiletso ndi mtsikanayo, ndipo dziko la Turkey ndi mboni. Kumeneko mpango unali woletsedwa m'mayunivesite ndi m'maofesi a boma, makamaka kuyambira 1997. Leyla Şahin, amene ankaphunzira zaudokotala ku Istanbul, anakanizidwa kulowa m'kalasi ndi kulemba mayeso, mpaka anakapitiriza maphunziro ake ku Vienna, ndipo mlandu wake anauluza ku khoti la maufulu a anthu la ku Ulaya mu 2005. Merve Kavakçı anasankhidwa kukhala phungu mu 1999 koma sanaloledwe kulumbira chifukwa cha mpango. Amene analibe ndalama zopitira kunja anangosiya sukulu. Chiletsocho chinachotsedwa m'maofesi a boma mu 2013, koma zaka zimene atsikanawo anataya palibe anawabwezera. Kuno kwathu, kumene tikulimbana kale ndi maukwati a ana ndi atsikana osiyira sukulu panjira, sitingakwanitse kuonjezerapo chifukwa china chowabwezera kumudzi.

Pa za yunifolomu, cholinga chake nchakuti mwana wa wolemera ndi mwana wa wothyola tiyi asasiyane ndi zovala za mtengo. Hijabu ya nsalu wamba, ya mtundu umodzi wosankhidwa ndi sukulu, siiphwanya cholinga chimenecho. Langizo langa nlakuti komiti yanu iitane makolo a mbali zonse, abusa, shehe wa mzikiti wa m'deralo ndi mfumu, mupemphe ku ofesi ya zamaphunziro ya pa boma kuti akufotokozereni mgwirizano wa 2021, kenako mulembe m'malamulo a sukulu mtundu ndi utali wa hijabu yovomerezeka. Mulembemonso mfundo ina imene anthu amaiiwala, yakuti mtsikana wa Chisilamu amene wabwera wosavala hijabu asanyozedwe kapena kubwezedwa ndi wina aliyense.

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa Chisilamu ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ina kwa Chitakale. Ndinayamba kuvala hijabu ndili wamkulu kale, mwa kufuna kwanga, koma anzanga a kuntchito amandimvera chisoni ngati kuti wina akundipondereza, ndipo abwana anandinong'oneza kuti makasitomala ena sakonda. Kunyumba nkhani ndi yosiyana. Mng'ono wanga wa Fomu 3 safuna kuvala, ndipo amalume, amene amamulipirira fizi, anena kuti akapitiriza kuyenda mutu uli pamtunda asiya kulipira. Ine ndimakhulupirira kuti hijabu ndi lamulo la Allah, koma mtima ukundipweteka. Ndiime mbali iti? Ndine Wothedwa nzeru, Mulanje.

YANKHO: Achemwali, kalata yanu yagwira nkhani yonseyi pa mutu ndi kumchira, chifukwa m'nyumba imodzi muli mkazi amene akukankhidwa kuti avule ndi mkazi wina amene akukankhidwa kuti avale. Mbali imene ndikukupemphani kuti muimepo ndi imodzi yokha, ndipo ikutetezani nonse awiri: mutu ndi wa mwini wake.

Tiyambe ndi kuntchito. Anzanuwo mwina amaganiza kuti akukuchitirani zabwino, koma kuganiza kuti mkazi wovala hijabu sangakhale atasankha yekha nkumuchotsera nzeru zake. Pa Mulanje pompano timaona amayi a Mvano atamanga duku loyera popita ku mapemphero kapena ku maliro, timaonanso masisitere a Katolika ataphimba kumutu, ndipo palibe amene amawaimitsa kuwafunsa kuti wawakakamiza ndani. Ulemu womwewo ndi woyenera inu. Simukuyenera kudzitchinjiriza tsiku ndi tsiku, koma mukafuna kuyankha, mawu ochepa akuti munasankha nokha ndi okwanira. Za abwana anu ndi nkhani ya malamulo. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kusala wantchito chifukwa cha chipembedzo, ndipo zokonda za kasitomala si chifukwa chokwanira chomuvulira munthu chikhulupiriro chake. Mlandu wofanana ndi wanu unafika ku bwalo la Supreme la ku America mu 2015, pamene Samantha Elauf anapambana kampani ya zovala ya Abercrombie & Fitch imene inamukana ntchito chifukwa cha hijabu. Chigamulo cha ku America sichimanga makhoti athu, koma mfundo yake ndi yomwe ili m'malamulo athu. Lembani penapake tsiku ndi mawu amene abwana ananena, ndipo zikafika pokuopsezani kapena kukuchotsani, pitani ku ofesi ya zantchito ya pa boma kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Tsopano za mng'ono wanu, zimene ndi zolemera kuposa. Ine si shehe, ndipo sindikufuna kukuphunzitsani chipembedzo chanu. Nzodziwika kuti akuluakulu ambiri a maphunziro a Chisilamu, potsamira mawu a m'Korani pa Surat An-Nur ndime 31 ndi Surat Al-Ahzab ndime 59, amaphunzitsa kuti mkazi wotha msinkhu aziphimba tsitsi ndi thupi lake, ngakhale alipo ena amene amamasulira ndimezi mosiyana. Amalume anu ali ndi ufulu wokhulupirira zimenezo, ndipo monga eni mbumba ali ndi udindo wolangiza mwana wa mlongo wawo, makamaka poti malamulo athu kuyambira 2017 amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Kulangiza, kuphunzitsa ndi kupereka chitsanzo palibe angawaletse. Koma kugwiritsa ntchito fizi ngati chikwapu ndi chinthu china. Chilango chimenecho sichikhudza mpango, chimakhudza tsogolo lonse la mwanayo, ndipo mtsikana wosiyira sukulu mu Fomu 3 tonse tikudziwa kumene amathera. Komanso inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti Chisilamu chimaika niya, kutanthauza cholinga cha mumtima, patsogolo pa ntchito iliyonse ya mapemphero. Mpango umene mwana angamange pochoka pakhomo chifukwa choopa kutaya sukulu, nkuuvula akangokhota pa msewu, sungakondweretse amalumewo ngakhale Mulungu amene akufuna kumumvera. Inuyo hijabu yanu mumaikonda chifukwa munaifikira nokha pa nthawi yanu, ndipo mwayi umenewo ndi umene mng'ono wanu akupempha.

Dziko la Iran linayesa njira zonse ziwiri zokakamiza, ndipo zonse zinabala misozi. Mu 1936 mfumu Reza Shah inaletsa amayi kudziphimba, apolisi ankawavula mipango m'misewu, ndipo amayi ambiri opembedza anasankha kusatuluka m'nyumba kwa zaka. Boma la Chisilamu litalowa mu 1979 zinthu zinatembenuka, ndipo lamulo la 1983 linaika chilango cha zikoti zofika 74 kwa mkazi wopezeka poyera wosaphimba kumutu. Pa 16 Seputembala 2022 Mahsa Amini, wa zaka 22, anamwalira ali m'manja mwa apolisi oona za kavalidwe atamugwira pa nkhani ya hijabu, ndipo dziko lonselo linadzaza ndi zionetsero. Mfumu ya 1936 ndi atsogoleri a 1983 anali adani pa maganizo, koma anagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti mkazi sangakhulupiriridwe kusankha yekha.

Musalimbane ndi amalume pamaso pa anthu, chifukwa munthu wamkulu akachititsidwa manyazi amaumirira pa mawu ake. Yambani ndi amayi anu, pakuti mlongo ndiye amadziwa polowera kwa mlongo wake. Pemphani mayi wachikulire wolemekezeka pa mzikiti wanu, kapena shehe amene amalimbikitsa maphunziro a atsikana, kuti akhale nawo pansi. Inuyo mawu anu ali ndi mphamvu yapadera, chifukwa palibe anganene kuti mukudana ndi hijabu pamene ili pamutu panu. Pempho likhale lakuti nkhani ya fizi ilekanitsidwe ndi nkhani ya chovala. Zikakanika ndipo mwanayo watsala pang'ono kusiya sukulu, kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma kuti muone za thandizo la fizi. Mng'ono wanuyo muuzeni momveka kuti chikondi chanu pa iye sichidalira zimene wavala.

FUNSO: Akonzi, ndine kapitawo pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Pali mayi amene amavala hijabu yaitali pafupi ndi makina, ndipo alonda a pa geti anavutikanso ndi mlendo wina amene anabwera ataphimba nkhope yonse kusiya maso okha. Kodi tikawaletsa ndiye kuti taphwanya ufulu wawo? Ndine Kapitawo, Thyolo.

YANKHO: Bambo, apa pali zifukwa zenizeni, ndipo malamulo amazilemekeza. Nsalu yolendewera pafupi ndi malamba a makina ikhoza kukokedwa nkupha munthu, ndipo inu muli ndi udindo woteteza moyo wa aliyense wa m'gulu lanu. Koma vuto ndi kulendewerako, osati kuphimba mutu. Mayiyo mukambirane naye kuti azivala hijabu yaifupi yogwira bwino, yolowetsedwa m'kati mwa ovolosi, ndipo lamulo lomwelo likhudze aliyense wovala chitenje chomasuka, sikafu kapena jekete losamanga mabatani. M'chipinda chopangira tiyi kuphimba tsitsi ndi ukhondo umene mumafuna kale.

Chophimba nkhope, chimene amachitcha nikabu, ndi nkhani ina, ndipo ngakhale pakati pa akuluakulu a Chisilamu pali kusiyana maganizo ngati chili chokakamizidwa. Dziko la France linachiletsa m'malo onse a anthu ndi lamulo la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2011 ndi chindapusa chofika mayuro 150. Khoti la maufulu a anthu la ku Ulaya linavomereza lamuloli mu 2014, koma mu 2018 komiti ya United Nations yoona za maufulu a anthu inapeza kuti linaphwanya ufulu wa amayi awiri amene analipitsidwa. Dziko la Chad linaletsa chovalachi mu Juni 2015 mabomba a gulu la Boko Haram ataphulika mu mzinda wa N'Djamena. Pa geti lanu palibe nkhondo yotero, ndipo chimene alonda akufuna nkungotsimikiza kuti munthu amene akulowa ndi yemwe ali pa chitupa. Pezani mlonda wamkazi, kapena mayi wina wodalirika wa mu ofesi, amene angapite naye pambali, aone nkhope nkuifananiza ndi chithunzi cha pa chitupa cha unzika, kenako mlendoyo aphimbenso nkulowa. Akakana ngakhale zimenezo, muli ndi chifukwa chomveka chosamulowetsera, ndipo alonda alembe m'buku la pa geti kuti njirayo inaperekedwa koma inakanidwa.